Kasipuling'i Kogona kwa Mmisiri

Nkhani iyi sindinaikambepo yonse kwa munthu aliyense. Malemu akazi anga anatsikira kumanda osaidziwa, abusa amene anandibatiza sanaimve, ndipo mwana wanga wamkazi amene ndikukhala naye kuno ku Perth akudziwa kumapeto kwake kokha. Kulemba ndinaphunzira mochedwa, kusukulu ya kwacha, ndili kale ndi ana komanso imvi zoyamba, choncho cholembera chimandiyendera pang'onopang'ono. Komabe ndasankha pepala, chifukwa silidula munthu mawu ndipo silimuyang'ana kumaso.

Ndinabwera kuno akazi anga atamwalira. Mwana wangayo ndi namwino, amagwira ntchito usiku kuchipatala, ndipo mwamuna wake amasamalira nkhalamba kunyumba ina yozisungirako. Mdzukulu wanga anasamukira ku Bentley kumene akuphunzira, amabwera Lamlungu lokha, kundipatsa moni wa Chichewa kenako zonse m'Chingerezi. Nyumba yathu ili ku Balga. Kuseri kwake kuli mchenga wokhawokha, umene ndinayesa kudzalamo nkhwani koma unandikana. Masana m'nyumba mumakhala zii, wina ali mtulo wina ali kuntchito. Ine ntchito yanga inali kutulutsa mabini a zinyalala kumsewu tsiku lake likakwana, kuthirira kapinga, ndi kumvera akhwangwala a kuno amene amalira ngati mwana wodwala.

Tsiku lina ndikuthirira, ndinamva phokoso kuseri kwa mpanda wa malata. Inali tupa ikudya chitsulo. Munthu amene anagwirapo tupa amaizindikira ngakhale patapita zaka zochuluka bwanji. Ndinamvanso kuti woigwirayo ntchito ankaidziwa koma dzanja linkamukana: kukoka kuwiri kowongoka, kachitatu kukhota, kenako kutukwana. Ndinatembenuza ndowa, n'kukwerapo, n'kusuzumira.

Aneba athu anali mzungu wokalamba, wamtali, wa khosi lofiira, wovala kabudula ndi nsapato zazikulu za ntchito. Anali ataima pakhomo pa shedi yawo, tupa ili m'manja. Anandiyang'ana mutu wanga uli pamwamba pa mpanda.

"Ngati mukufuna kuonerera, meti, geti lilipo," anatero. "Mugwa pandowapo, ine ndilibe mphamvu zokutolani."

Chingerezi changa n'cha pamsika, koma izi ndinazimva. Ndinalowera pageti.

Ankanditchula meti, monga azungu a kuno amatchulira aliyense, mpaka tsiku limene ndinawaphunzitsa mawu akuti madala. Anawakonda kwambiri, ndipo kuyambira pamenepo tonse awiri tinali madala. Moyo wawo wonse anakonza makina m'mafakitale a ku Kwinana. Akazi awo anali atamwalira, mwana wawo mmodzi yekhayo ankagwira ntchito kumigodi kumpoto. Ankakhala ndi galu wamkazi wokalamba wa diso limodzi, amene ankagona pakhomo pa shedi ndipo sankadzukira aliyense.

Chimene chinandilandira m'shedimo chinali fungo: girisi wakale, utuchi, ndi chitsulo chozizira. M'mashelefu munali mabokosi mpaka kudenga. Anatsitsa limodzi n'kulitsegula. Munali zidutswa za mfuti za asilikali akale, chilichonse chokulungidwa m'pepala lamafuta: matako a mtengo, mipope, tizitsulo tating'onoting'ono. Anandifotokozera kuti maboma akasiya kugwiritsa ntchito mfuti zakale, zimamasulidwa n'kugulitsidwa zidutswazidutswa, ndipo anthu ngati iwowo amagula n'kumalumikiza, thako la iyi, mpope wa iyo, mpaka itaima mfuti yathunthu. Amenewo ndiwo anali masewera awo kuyambira ali mnyamata. Kale anali ndi malayisensi ndi kabati yachitsulo yokhoma. Kenako malamulo anasintha, maso awo anafooka, manja anayamba kunjenjemera, ndipo mfuti zonse zomalizidwa anakazipereka kupolisi.

"Za mabokosi sanafunse," anatero, "ine sindinawauze."

Imene ankailumikiza nthawi imeneyo inali itagona pabenchi, mafupa okhaokha. Anati ndi mtundu umene bambo awo ananyamula kunkhondo yaikulu ija. Ndinaizindikira ngakhale ndinali ndisanaionepo ndi maso. Malume anga ananyamula yomweyo ku Burma, ndipo ankakonda kutijambulira pansi ndi kamtengo.

Aneba ankalimbana ndi kachitsulo kadzimbiri kamene kankakana kulowa pamalo pake. Anayesa katatu, kakugwa pansi. Ine ndinakatola, ndipo m'malo mowapatsa ndinakamanga m'vayisi, chopanira zitsulo cha pabenchi. Sindikumbuka kuganiza chilichonse. Manja anatenga tupa okha, anapala pamene panafunika, anapukuta, ndipo kachitsuloko kanalowa ngati kanabadwira pomwepo. Aneba anandifunsa:

"Munaphunzira kuti?"

"Kukonza njinga."

"Njinga za kwanu zimawombera?"

Tinaseka. Anateleka ketulo pa kambaula kamagetsi, ndipo nkhaniyo sanaifunsenso.

Njinga ndinakonzadi, ku Lilongwe, zaka zambiri. Koma si kumene ndinaphunzira. Ndinaphunzira kwa malume aja, kumudzi kwathu ku Kasungu, kufupi ndi malire a nkhalango ya nyama. Atabwerako kunkhondo anamanga chipala. Masana ankasula makasu, nkhwangwa ndi zikwakwa aliyense akuona. Kuseri kwa khola la mbuzi, pansi pa chisakasa, ankakonza mfuti za gogodela, zija zothira wonga kukamwa. Anthu a m'mbali mwa nkhalango ankazifuna chifukwa nguluwe ndi njovu zinkawathera chimanga. Boma silinkalola, koma mudzi wonse unkadziwa n'kusunga pakamwa.

Malume anali ndi lamulo lawo limodzi. Mfuti sinkachoka yathunthu tsiku limene yatha kukonzedwa. Ankachotsa kasipuling'i kamene kamaipatsa mphamvu yowombera, n'kukaika m'thumba lawo la fodya. Ankati kasipuling'i kamagona kwa mmisiri. M'mawa mwake mwini mfuti ankabwera kudzakatenga, koma osati yekha. Ankayenera kubwera ndi mkazi wake, kapena malume ake, kapena mkulu wake. Pamaso pa mbaleyo malume ankafunsa kuti, "Mfuti iyi ikukadya chiyani?" Munthu ankatchula nyama ndi munda wake. Akayankha mozungulira, kapena mbale uja akayang'ana pansi, kasipuling'i kankagonanso. Ena kanawagonera mpaka anasiya kubwera. Ine ndinkaona ngati kuvutitsa anthu chabe. Malume sankakonda kufotokoza. Ankangoti kunkhondo anaona kuti munthu wa madzulo ndi wina, wa m'mawa ndi wina.

Chaka china m'mwezi wa Julaye malume anapita kumaliro kutali. Ndinali nditakwatira kale, ndevu zili pachibwano, ndipo ntchito zambiri za pachisakasa ndinkazigwira ndine. Kunabwera mnzanga amene tinavinidwa limodzi, mfuti yake itafa. Ndinaikonza dzuwa lisanapendeke. Pamene ndinkati ndichotse kasipuling'i anandigwira dzanja.

"Iwe, ukalamba wauyamba liti? Nguluwe zandithera kumunda. Malume akowo manja anatha kale, mmisiri pano ndiwe, aliyense akudziwa."

Mawu amenewo anandikoma. Koma unali Julaye. Chimanga chinali m'nkhokwe, m'minda munali mapesi okhaokha. Nguluwe ikadye chiyani m'munda wa mapesi? Funso limeneli linandifika m'mutu pomwepo, iye ataima patsogolo panga. Ndikunena izi chifukwa kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti sindinaganize. Ndinaganiza, ndipo ndinamupatsa.

Dzuwa lisanalowe tinaimva ikulira kudambo. Anawombera mng'ono wake padimba limene ankalimbirana. Mng'onoyo anathera pangolo akupita naye kuchipatala. Apolisi anatenga mnzangayo, anatenganso malume atangofika kuchokera kumaliro, poti aliyense ankadziwa kumene mfuti zimakonzedwa. Malume anabwerako patapita miyezi, akutsimphina, khutu limodzi losamva. Dzina langa sanalitchule kumeneko. Atapuma anandiitanira kuseri kwa khola.

"Unamufunsa?"

"Ndinamufunsa. Anati nguluwe."

"Anabwera ndi ndani?"

Ndinayang'ana pansi. Malume anasonkhanitsa zipangizo zonse za pachisakasa, anakaziponya m'chitsime chakale, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso mpaka imfa yawo. Ine ndinanyamula banja langa kupita ku Lilongwe.

Munthu wa mbiri yotere anayenera kutuluka m'shedi ya aneba tsiku loyamba lomwelo osabwereranso. Ine ndinabwerera mawa lake, ndi mkuja wake. Kutchalitchi kwathu kuno amandilandira bwino, amanditchula agogo, amandipatsa mpando wakutsogolo, kenako amakamba za mashifiti ndi za nyumba pamwamba pa mutu wanga. M'shedi muja ndinali mmisiri. Aneba anali maso a m'mutu odziwa pamene chilichonse chimapita, ine ndinali manja. Tinkachotsa dzimbiri, kupala, kudzoza mtengo mafuta mpaka utayamba kuwala ngati khungu la mwana wosambitsidwa. Dzuwa likafika pamutu tinkamwa tiyi wa masikono ouma, galu ali pakati pathu, iwo akundinena kuti ndimathira shuga ngati ndikumanga nyumba. Mwana wanga ndinamuuza kuti timakonza makina otchetchera kapinga. Anasangalala kuti ababa ake apeza mnzawo.

Ndinawafunsa kamodzi, poyambirira, kuti mfutiyo ndi yachiyani.

"Ya pakhoma, madala. Yokumbukira bambo anga. Zipolopolo zonse ndinapereka, ngakhale nditafuna ndiwombere ndi chiyani, mtedza?"

Yankho limenelo linandikwanira chifukwa ndinkafuna lindikwanire.

Zinthu zinasintha nyengo yotentha itayamba. Aneba anagwa m'bafa, anagona pansi tsiku lonse mpaka galu anauwa mokwanira kuti tikaone. Mwana wawo anabwera kuchokera kumigodi. Anali munthu waulemu, wotopa m'maso, anandigwira chanza n'kundithokoza. Koma madzulo ake mawu awo ankadutsa mpanda. Sindinamve onse, ndinamva kukwera kwake. Patapita masiku ochepa kunabwera mayi wina wa nsapato zazitali amene anazungulira nyumba yonse akujambula ndi foni, ndipo pakapinga panaimikidwa chikwangwani chogulitsa nyumba. Mwanayo anali atawapezera malo kunyumba yosungirako nkhalamba, yofanana ndi imene mkamwini wanga amagwirako. Kumeneko salola galu, ndipo kulibe shedi. Anagwirizana kuti adzabwera kudzawatenga Loweruka lina m'mawa.

Kuyambira pamenepo aneba anayamba kufulumira. Ketulo sinatelekedwenso. Ndikafika ndinkawapeza atayala kale zitsulo za tsikulo pansalu, ndipo ndikachedwa kupala ankaima kumbuyo kwanga akupumira pakhosi panga. Anayambanso kundipatsa zinthu. Tsiku lina matupa onse, atawamanga m'chiguduli. Tsiku lina vayisi, imene tinaimasula pabenchi yachiwiri n'kuikweza pawilibala.

"Tengani. Kumene ndikupitako sakandilola ngakhale mpeni wa buledi."

Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinadziuza kuti munthu wosamuka amagawa katundu.

Kenako m'mawa wina galu sanali pakhomo. Mbale yake inali itatsukidwa n'kuvundikiridwa pashelefu, chingwe chake chitakulungidwa bwino pamwamba pake.

"Ndinapita naye kwa dokotala wa ziweto," anatero osandiyang'ana. "Wagona, sadzukanso. Tiyeni tigwire ntchito."

Galuyo anali wokalamba, koma ankadya bwino ndipo ankayenda. Mkamwini wanga anali atanena kale kuti tikhoza kumutenga, ndipo aneba ankadziwa.

Tsiku lomwelo ndinkafuna kansanza kopukutira mafuta. Aneba anali atalowa m'nyumba kukamwa mankhwala. Ndinatsegula chitini cha masikono chimene chinali kuseri kwa mabokosi, poganiza kuti muli nsanza. Munali sokosi ya mzimayi, yomangidwa mfundo. Inkalemera. Nditamasula ndinapeza zipolopolo ziwiri. Chilichonse m'shedi imeneyo chinali ndi fumbi, koma izi zinali zopukutidwa, zonyezimira ngati mphete. Ndinazibwezera mmene ndinazipezera. Chimodzi ndikanachimvetsa, ndipo chikanandiopsa mokwanira. Koma zinali ziwiri, ndipo Loweruka kunkabwera munthu, mwana wawo uja.

Ndikanatha kusiya ntchito tsiku limenelo. Koma inali itatsala pang'ono kwambiri, ndipo ndinaopa kuti ndikasowa adzamaliza okha, ine ndili kuseri kwa mpanda osaona kanthu. Kapena mwina manja anga ankangofuna kuona mapeto a chimene anayamba. Sindikudziwa chimene chinali chachikulu pa ziwirizi.

Lachisanu kunatentha kuyambira m'mawa. Mphepo inkachokera kumtunda, youma, yonyamula fungo la tchire lopsa, ndipo thambo linali lofiirira. Malata a shedi ankalira okha ndi kutentha. Mfuti inali itagona pansalu yoyera, yathunthu m'maonekedwe, yokongola moti ndinachita manyazi kuti ikundisangalatsa. Chinatsala chinali kasipuling'i kamodzi, kochepa kuposa chala changa chakaniso. Aneba anali atakaika pa sosala ya tiyi kuti kasasowe. Manja awo sakanatha kukalowetsa, kakanangodumpha.

"Komaliza, madala," anatero. "Kenako mupume."

Ndinakatola. Mawuwo ndinali ndisanawanenepo kwa munthu, ndipo ndinayenera kuwafunafuna m'Chingerezi changa chosakwanira.

"Mfuti iyi ikukadya chiyani?"

Anaseka pang'ono. "Mfuti zimadya kwanu?"

"Zimadya. Iyi ikukadya chiyani? Munati ya pakhoma. Kumene mukupita kulibe khoma lanu."

Anayang'ana kunja, kumene galu ankagona.

"Nkhandwe," anatero. "Kufamu ya mnzanga, kuminda ya tirigu. Zikumuthera ana a nkhosa. Ndimupatsa iyeyo."

Mnzawo wa kufamuyo ndinkamudziwa m'nkhani zawo za pa tiyi. Anali atamwalira nyengo yozizira yapitayo, famu inagulitsidwa, ndipo aneba anandiuza okha mmene analepherera kupita kumaliro chifukwa sankaloledwanso kuyendetsa galimoto. Ndinaima m'shedi yotentha ya ku Balga, ndikuona munda wa mapesi.

Ndinaika kasipuling'i m'thumba la malaya n'kumanga batani.

"Mukuchita chiyani?"

"Kagona kwa ine. Mawa."

"Ndi kanga kameneko."

"Ndi kanu. Kwathu kamagona kwa mmisiri usiku umodzi. Mawa m'mawa mubwere ndi mbale wanu, munene pamaso pake, ndikupatsani."

"Mbale wanga." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Mwana wanga abwera mawa m'mawa, musade nkhawa."

Anaima pakhomo. Ngakhale anali wokalamba anali wamkulu thupi kuposa ine, ndipo kuwala konse kwa panja kunatsekeka.

"Kuno zimenezo timati kuba, meti."

Sananditchule madala.

"Imbirani apolisi," ndinatero.

Tinayang'anana. Kunja kunadutsa basi. Kenako anapatuka pang'ono, malo ongokwana munthu wowonda, ndipo ndinadutsa phewa langa likukhudza chifuwa chawo. Ndili pageti anandilankhula ndi mawu ofatsa, ngati akundiuza za nyengo.

"Mukuganiza kuti m'mabokosi onsewa mulibe kena? Ndinayamba kusunga zitsulo inu musanaone sitima."

Nditafika kunyumba mwana wanga anali akutuluka kupita kuntchito, chikwama paphewa, makiyi m'manja. Mwamuna wake anali atagwirizira shifiti ina. Anandifunsa ngati ndamwa madzi okwanira ndi kutentha kumeneku. Ndinati ndamwa. Ndinamuyang'ana akubweza galimoto, kasipuling'i kali pamtima panga, ndipo sindinanene kanthu.

Dzuwa likulowa ndinayamba kumva mabokosi akutsitsidwa kuseri kwa mpanda, zitini zikukhuthulidwa pabenchi. Kenako tupa. Imodzi anali ataisunga. Kukoka kuwiri kowongoka, kachitatu kukhota. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa chimene malume ankachita. Ine zaka zonsezi ndinkaganiza kuti nzeru yawo inali m'thumba la fodya. Koma kasipuling'i munthu wofunitsitsa akhoza kukapeza kwina. Funso lachiwiri limene anandifunsa kuseri kwa khola ndilo linali lenileni: anabwera ndi ndani? Ine ndinali nditatenga chitsulo, munthu ndamusiya yekha.

Foni ndinaigwira m'manja. Nambala ya apolisi mwana wanga anandilembera pachitseko cha firiji. Sindinaimbe. Ndinaganiza za zala zanga zimene zinali pachitsulo chilichonse cha mfuti imeneyo, za mapepala a mwana wanga okhalira m'dziko muno amene anawavutikira zaka zambiri, za khutu la malume. Ndinaganizanso za apolisi a mfuti akufika mumdima kwa munthu wa mfuti. Zifukwa zina zinali zoona, zina zinali mantha ovala jekete. Ndinaika moyo wa anthu awiri pa kunjenjemera kwa manja a nkhalamba, n'kudziuza kuti pamene tupa ikumveka ndiye kuti sanathe. Sindinagone. Kutatsala pang'ono kucha tupa inasiya.

M'mawa ndinasamba, ndinavala jekete langa la Lamlungu, n'kukaima pamene mwana wanga amaimika galimoto. Anafika maso ali ofiira ndi tulo. Anatsegula chitseko, mwendo umodzi pansi.

"Ababa, kwagwanji? Lero si Lamlungu."

"Usavule yunifolomu, mayi. Ndimvere kaye."

Ndinamuuza ali chikhalire m'galimotomo: za mabokosi, za mfuti, za galu, za sokosi. Za ku Kasungu sindinamuuze. Ndinatulutsa kasipuling'i n'kumuonetsa pachikhatho. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Makina otchetchera kapinga," anatero.

"Ndinakunamiza."

"Mukudziwa chimene mwatiikamo, ababa?"

"Ndikudziwa."

Anatseka maso, anapuma, kenako anatulutsa foni. "Ndikuimbira apolisi. Inu mulowe m'nyumba."

"Imba. Koma m'nyumba sindilowa. Asanafike achilendo, afunsidwe ndi anthu owadziwa. Ndipo ndekha sindingapite, ndinapita kale ndekha dzulo."

"Ababa, munthuyo ali ndi mfuti."

"Ndinaikonza ndine. Tiye."

Analankhula pafoni m'Chingerezi chake cha kuchipatala, chodekha, chosataya mawu, uku akunditsatira. Pageti anandigwira jekete kumbuyo, koma sanandikoke.

Aneba anali atakhala pasitepe ya khonde, kuyang'ana kumsewu kumene galimoto ya mwana wawo ikanatulukira. Anali atavala malaya oyera osita ndi buluku lalitali, zimene ndinali ndisanawaonepo atavala. Anali atameta ndevu, akudzicheka m'malo angapo. Zala ziwiri zinali zomangidwa nsanza zamagazi. M'manja munalibe kanthu. Chitseko cha shedi chinali chotsegula kumbuyo kwawo, ndipo kuchokera pamene ndinaima sindikanatha kuona pabenchi.

Anayang'ana ine, anayang'ana yunifolomu.

"Mwabwera ndi namwino."

"Ndabwera ndi mwana wanga. Wanu sanafike, ndiye ndakubwerekani wanga. Mpanda ndi umodzi."

"Mwadzuka bwanji, agogo?" anatero mwana wanga, m'Chichewa, monga ankawapatsira moni pampanda.

Ndinaima patsogolo pawo.

"Madala, ndikufunsaninso, pamaso pa uyu. Mfuti ija ikukadya chiyani?"

Khwangwala analira pamtengo wa kutsidya kwa msewu. Aneba anayang'ana chikwangwani cha pakapinga, kenako zala zawo. Mwana wanga sanayang'ane pansi, anawayang'ana kumaso, kudikira, monga amadikirira odwala ake.

"Kulibe nkhandwe, madala," anatero.

Anapisa dzanja m'thumba la malaya. Batani linawavuta, ndipo palibe amene anawathandiza. Anatulutsa zipolopolo ziwiri zija n'kuziika pasitepe, chimodzi chinagubuduka mpaka chinatsamira nsapato ya mwana wanga. Iye anaziponda zonse ndi phazi, anakhala pansi pambali pawo, n'kuwagwira pamkono pamene anamwino amagwira.

Ine ndinazungulira kupita kushedi. Mfuti inali pansalu yake. Mozungulira munali tizidutswa ta waya topindikapindika, tina tamagazi, ndi tupa itagwera pansi. Sindinaigwire kuti ndione ngati anatha kapena ayi. Ndinakoka chitseko, ndinadina loko mpaka inalira, n'kuzula kiyi imene inali momwemo, kuiika m'thumba limodzi ndi kasipuling'i. Kenako ndinatembenuza ndowa, ndinakhala pakhomopo pamene galu ankagona, msana wanga utatsamira chitseko, kudikira amene afike poyamba, apolisi kapena mwana wawo.